Wotchi ya mamiliyoni: mungadziwe bwanji kuti si feki musanatulutse ndalama?

Mu Novembala 2021, kampani ya okushoni ya Phillips inagulitsa ku Geneva wotchi yakale ya Omega Speedmaster imene ankati ndi ya 1957, chaka chimene mtunduwu unatuluka koyamba. Nkhope yake, imene inachoka kufakitale ili yakuda, inali itasanduka yabulawuni ndi ukalamba, ndipo anthu osonkhanitsa mawotchi akale amafera zoterozo. Ogulitsawo ankayembekezera kuti ikakwera kwambiri ifika pa mafranki a ku Switzerland 120,000. Inapita pa mafranki oposa 3 miliyoni, ndipo wogulayo anali kampani ya Omega yomweyo, imene inkafuna kukaiika m'nyumba yake yosungiramo zinthu zakale ku Biel. Mu 2023 Omega inaulula kuti inadyeredwa masuku pamutu. Wotchiyo inali yolumikizalumikiza kuchokera ku zidutswa za mawotchi osiyanasiyana, ndipo kampaniyo inati anthu atatu amene kale anali antchito ake anali nawo m'chiwembucho.

Ndiye ngati eni dzina anagula chinyengo cholembedwa dzina lawo lomwe, nanga munthu amene watumiziridwa zithunzi za Rolex pa WhatsApp, n'kuuzidwa kuti mwini wake akufuna ndalama lero lomwe, ali ndi mwayi wanji? Mwayi ulipo, koma suli pamene ambiri amaufunafuna. Malangizo amene timamva kawirikawiri, oti mverani ngati ikulira kuti tiki tiki, inyamuleni muone kulemera kwake, onani ngati dzina analilemba bwino, ankathandiza zaka 20 zapitazo. Lero amangogwira mawotchi a feki otchipa, amene ndi kale lomwe palibe amawagula akuganiza kuti ndi enieni. Maso angakuuzeni kuti wotchi iyi ndi yabodza. Koma kukuuzani kuti iyi ndi yeniyeni, pamenepo maso okha amaperewera.

Chimene chachulukitsa feki

Mu 2023 dziko la Switzerland linatumiza kunja mawotchi a pamkono pafupifupi 17 miliyoni, ndipo malonda onse a mawotchi anabweretsa mafranki 26.7 biliyoni. Chiwerengero cha mawotchi a feki chimene makampani a kumeneko akhala akutchula kwa zaka zambiri ndi pafupifupi 40 miliyoni pachaka. Ndiye kuti mawotchi onamizira ku Switzerland amene amalowa pamsika amaposa enieniwo kutalitali.

M'sitolo yovomerezeka ndi kampani mulibe feki. Vuto ndi loti mawotchi amene anthu amawalakalaka kwambiri sapezeka m'sitolomo. Rolex, imene inayambitsidwa ku London mu 1905 ndi Hans Wilsdorf ndi mlamu wake Alfred Davis isanasamukire ku Geneva, siulula kuti imapanga mawotchi angati, koma oyerekeza amati ndi miliyoni imodzi kapena kuposerako pang'ono pachaka. Ofuna ndi ambiri kuposa pamenepo. Mukalowa m'sitolo kukafunsa Rolex ya mtundu wa Daytona kapena Submariner yachitsulo, amakulembani dzina n'kukuuzani kuti dikirani, ndipo kudikirako kumatha kufika zaka. Pakati pa 2020 ndi kuchiyambi kwa 2022 zinthu zinafika posauzana: wotchi ya kampani ya Patek Philippe yotchedwa Nautilus 5711, imene m'sitolo inali cha m'ma $35,000, kwa ogulitsanso inkapitirira $100,000. Mitengo inatsika pambuyo pake, koma anthu anali atazolowera kale kugula kwa munthu wamba, pa intaneti, kapena kwa amalonda a mawotchi ogwiritsidwapo ntchito. Akathyali amabisala kumeneko.

Mawotchi a feki ambiri amapangidwa ku China, makamaka m'chigawo cha Guangdong, ndipo amatuluka kudzera ku Hong Kong ndi madoko ena. Masiku ano sadalira makontena okha. Ambiri amayenda m'timaphukusi ta positi, imodziimodzi, ndipo nthawi zina nkhope yolembedwa dzina imatumizidwa payokha, thupi la wotchi palokha, kuti akalumikize zikadutsa kwa a kasitomu.

Si feki yonse imene ili yofanana. Pansi penipeni pali ija ya pamsewu, ya batire, yopepuka, imene penti wake wagolide amasupuka mwezi usanathe. Pakati pali ya makina odzikunga okha otchipa, ooneka bwino ndithu kwa munthu amene waima patali. Pamwamba pali imene amalonda ake amaitcha super clone, ndipo iyi ndiyo yasokoneza zinthu. Opanga ake amagula wotchi yeniyeni, kuiphwasula, kuyeza kachidutswa kalikonse, n'kupanga chofanana nacho ndi makina a kompyuta odulira zitsulo. Amakopera ngakhale injini ya mkati, moti zidutswa zina za Rolex yeniyeni zimalowa bwinobwino mu ya fekiyo. Wotchi yotere imagulidwa madola mazana angapo, koma wakuba akaiika m'bokosi labwino amaitchaja madola 10,000 kapena kuposa.

Zimene maso angagwire, ndi pamene amathera

Tiyambe ndi nkhani ya tiki tiki ija, chifukwa ndiyo imene yasocheretsa anthu ambiri. Wotchi ya batire imasuntha muvi wa masekondi kamodzi pa sekondi iliyonse, n'chifukwa chake umaoneka ngati ukudumpha. Wotchi ya makina imayenda ndi sipuling'i yokunga, ndipo m'kati mwake muli kagudumu kamene kamapita uku ndi uku mofulumira. Mu Rolex zambiri za masiku ano kagudumuka kamagunda ka 28,800 pa ola, kutanthauza ka 8 pa sekondi, ndiye muvi umaoneka ngati ukungoyandama. Zimenezi n'zoona. Koma feki iliyonse ya makina imayandamanso chimodzimodzi, ndipo yapamwamba imagunda ka 28,800 komweko. Komanso Rolex yomweyo inapangapo mawotchi a batire, otchedwa Oysterquartz, kuyambira 1977 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Omega, Cartier ndi TAG Heuer ali ndi a batire ambirimbiri. Munthu wongodalira lamulo la tiki tiki akhoza kukana yeniyeni n'kukumbatira yabodza tsiku limodzi.

Zinthu zina zooneka ndi maso zimathandizabe, makamaka mukakhala ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10, kamene amagwiritsa ntchito ogula miyala ya mtengo wapatali. Pamwamba pa deti, mawotchi ambiri a Rolex ali ndi kotupa pagalasi, kamene kanayamba mu 1953, ndipo kamakulitsa nambala kawiri ndi theka. Pa yeniyeni nambalayo imadzaza kazenera konse; pa feki yotchipa imaoneka yaing'ono kapena yopendekeka. Kuyambira cha mu 2002, m'munsi mwa galasi, pamalo a 6 koloko, muli kachisoti kachifumu kojambulidwa ndi timadontho ta laser. Ndi kakang'ono kwambiri moti umafunika kupendeketsa wotchi pa kuwala kuti ukaone. Chodabwitsa n'choti pa feki kachisotika kamaoneka msanga, chifukwa opanga ake amafuna wogula akaone. Kuyambira cha m'ma 2005, mkombero wa mkati wozungulira nkhope umalembedwa dzina la kampani mobwerezabwereza, ndipo zilembozo zimayenderana ndi timizere ta maminitsi. Zikasemphana, dziwani kuti pali vuto.

Kagalasi kaja kamaonetsa zambiri pa zilembo za pankhope. Pa yeniyeni inki imakhala yotukuka pang'ono, m'mphepete mwake mosalala, popanda kudontha. Mankhwala owala usiku amene ali m'timadontho ta maola amadzaza ndendende, osasefukira. Pansi pa galasi sipakhala kafumbi kapena katsitsi. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa lamba wachitsulo ndi pa loko wake: wa feki nthawi zambiri amakanda khungu, ndipo loko wake potseka samveka kuti wagwira. Pa Royal Oak ya kampani ya Audemars Piguet, imene Gérald Genta anaijambula n'kutuluka mu 1972, kutsogolo kuli timabawuti 8 ta makona 6, ndipo timipata take timatsata mzere wozungulira mwadongosolo chifukwa timamangidwira kumbuyo. Kamodzi kakapenya kwina, wina anaseweretsapo kapena si yeniyeni.

Kumbuyo kwa Rolex zambiri kulibe chilichonse: chitsulo chosalala basi, chopanda chizindikiro, chopanda galasi. Feki yotchipa imakonda kuikako chisoti chachikulu kapena zenera loonetsa makina. Koma apanso lamulo lili ndi mabowo ake. Sea-Dweller ili ndi zolemba kumbuyo, ndipo mu 2023 kampaniyo inatulutsa Daytona ya platinum ndi mtundu wina wotchedwa 1908 zokhala ndi galasi kumbuyo. Za kulemera nazo zinatha mphamvu. Rolex imagwiritsa ntchito chitsulo cha 904L kuyambira m'ma 1980, pamene makampani ambiri amagwiritsa ntchito 316L, koma kusiyana kwa kulemera kwa ziwirizi dzanja silingakumve, ndipo opanga feki yapamwamba anayamba kale kugula 904L yomweyo.

Chimene chimagwira bwino kuposa zonsezi ndi kuyesa ngati wotchi ikuchita zimene mtundu wake umayenera kuchita. Pa Daytona yeniyeni timawotchi titatu ta pankhope timagwira ntchito: mukadina batani la pamwamba muvi waukulu umanyamuka, mukadina la pansi mutaimitsa umabwerera pa 12 ndendende. Pa feki yotchipa timivi timeneti ndi tokongoletsa chabe, kapena timasonyeza tsiku la sabata. Malo a kamuvi ka masekondi nawonso amanena zaka: pa Daytona za 1988 mpaka 2000, zimene zinali ndi injini yochokera ku kampani ya Zenith, kali pa 9 koloko, pamene pa za kuyambira 2000 kali pa 6 koloko. Deti ya Rolex ya masiku ano imasintha kamodzin'kamodzi pafupi ndi pakati pa usiku, osati kukwawa kwa ola lathunthu. Ndipo ngati wogulitsa akulolani kukhala nayo masiku angapo, ikungeni mokwanira n'kuisiya pathebulo. Injini ya Rolex ya nambala 3135, imene inatuluka mu 1988, imayenda pafupifupi maola 48. Ya 3235, ya 2015, imafika maola 70. Wotchi imene akuti ili ndi 3235 koma yaima tsiku lachiwiri lisanathe ikufunika kufotokoza.

Apa n'pamene pali ntchito imene ambiri amaizemba, chonsecho ndi yaulere: kudziwa nambala ya mtundu wa wotchi imene mukufuna, n'kuwerenga za iyo musanakumane ndi wogulitsa. Mwachitsanzo, Submariner ya deti ya nambala 116610 ndi ya mamilimita 40 ndipo ili ndi injini ya 3135. Imene inalowa m'malo mwake mu 2020, ya nambala 126610, ndi ya mamilimita 41 ndipo ili ndi 3235. Wina akakubweretserani 126610 ndi khadi yosonyeza kuti inagulidwa mu 2017, simufunikanso kagalasi. Wotchiyo kunalibe chaka chimenecho. Akuba ambiri amagwidwa ndi zinthu zoterezi, chifukwa amadziwa kukopera chitsulo koma sawerenga mbiri.

Kutsegula kumbuyo

Palibe munthu wanzeru amene amagula galimoto yogwiritsidwapo ntchito pongosirira penti. Amabwera ndi makaniko wake n'kutsegula boneti. Wotchi ya ndalama zofanana ndi galimoto imafunanso zomwezo, ndipo makaniko wake ndi wokonza mawotchi amene amagwira mtundu umenewo tsiku ndi tsiku. Sindikunyoza abale athu osintha mabatire pamsika, ntchito yawo amaidziwa, koma kutsegula Rolex kumafuna chida chake cha mano olowa m'mphepete mwa chivundikiro, ndipo kuzindikira zimene zili mkatimo kumafuna munthu amene anaonapo zenizeni zambiri.

Iye amayang'ana kaye kagudumu kogunda kaja. Pa Rolex ya masiku ano liwiro la wotchi limakonzedwa ndi timanati ting'onoting'ono tagolide timene tili pa kagudumu komweko, ndipo palibe kachitsulo kokankhira kofupikitsa kapena kutalikitsa sipuling'i. Feki zambiri zili ndi kachitsuloko, ngakhale amayesa kukabisa pansi pa mbale yokongoletsa. Amayang'ananso kasipuling'i kopyapyala kabuluu, ngati mtunduwo uli wa chitsulo chenicheni kapena ndi wopaka. Mitu ya timasikuluwu, ngati ili yosalala. Zilembo zozokotedwa, ngati zili zakuya mofanana. Ndi mafuta, chifukwa mafakitale a feki amakonda kusiya makina ouma kapena othimbirira. Kenako amaiika pa makina omvetsera kugunda kwa wotchi, otchedwa timegrapher, amene amaonetsa ngati ikuthamanga kapena kutsalira ndi masekondi angati patsiku, ataigoneka m'njira zosiyanasiyana. Bungwe loyesa mawotchi la COSC limalola kutsalira masekondi 4 kapena kuthamanga masekondi 6 patsiku. Kuyambira 2015 Rolex imalonjeza masekondi 2 okha mbali iliyonse. Komabe makinawa paokha sagamula mlandu. Yeniyeni imene yatha zaka 10 osapita ku sevisi ikhoza kuyenda moipa kuposa feki yatsopano imene wina waitchuna dzulo.

Wogulitsa amene akukana kuti wotchi itsegulidwe pamaso pa nonse awiri, inu mutavomera kulipira wokonzayo, wakuyankhani kale. Zifukwa zake zimamveka zanzeru: akuti ikatsegulidwa idzayamba kulowa madzi, kapena walanti idzatha. Wokonza wodziwa ntchito amasintha kalabala kotchinga madzi n'kuyesanso ndi makina a mpweya, nkhani n'kutha. Ngati wotchiyo ikadali pa walanti, imene kwa Rolex ndi ya zaka 5 kuyambira 2015, ndiye pitani nayo limodzi kusitolo yovomerezeka. Kampaniyo sipereka kalata yongotsimikizira kuti wotchi ndi yeniyeni, koma malo ake a sevisi salandira feki, ndiye akailandira n'kulemba mtengo woikonzera, mwapeza yankho.

Bokosi ndi mapepala

Anthu amakhulupirira mapepala kuposa chitsulo, ndipo akuba amadziwa zimenezo. Kusindikiza khadi ya walanti n'kosavuta poyerekeza ndi kupanga injini ya zidutswa zoposa 200. Bokosi lobiriwira, kabuku, kachidindo kobiriwira kolendewera pa ulusi, lisiti ya sitolo ya ku Dubai kapena ku London, zonsezi zimagulitsidwa pamodzi ndi fekiyo pa ndalama zochepa. Choipa kwambiri n'choti mabokosi ndi makhadi enieni amagulitsidwanso paokha, ndiye munthu akhoza kukupatsani mapepala enieni ndi wotchi yabodza yozokotedwa nambala ya pa mapepalawo.

Mapepala ali ndi ntchito imodzi: amakupatsani zinthu zoti mufufuze. Nambala ya siriyo ya pa khadi ifanane ndi ya pa wotchi. Pa Rolex zakale nambalayi ili pakati pa timiyendo togwira lamba, mbali ya 6 koloko, ndipo umafunika kuchotsa lamba kuti uione. Pa zatsopano ili pa mkombero wa mkati uja. Yeniyeni imadulidwa mozama ndi moyera, ya feki nthawi zambiri imaoneka ngati yamchengamchenga. Mpaka cha mu 2010 nambalazi zinkatsatana, moti munthu ankatha kudziwa chaka chimene wotchi inapangidwa n'kuyerekeza ndi tsiku la pa khadi. Kuyambira pamenepo zimasakanizidwa. Ilembeni nambalayo pa Google. Mafakitale a feki amadinda nambala imodzi pa mawotchi mazanamazana, ndiye mukaipeza pa wotchi ina ku Manila ndi ina ku Milan, mwadziwa. Ngati lisiti ili ndi dzina la sitolo, pezani nokha nambala ya foni ya sitoloyo, osati imene yalembedwa pa lisitipo.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala: wotchi ikhoza kukhala yeniyeni koma yakuba. Ku London, ku Paris ngakhalenso ku Johannesburg, kulanda mawotchi pamkono ndi ntchito ya magulu a zigawenga, ndipo katunduyo amathamangitsidwa kunja kwa dziko msangamsanga. The Watch Register ya ku London imasunga manambala a mawotchi obedwa ndipo imafufuza pa ndalama zochepa. Kampani ya Richemont, mwini wa Cartier ndi IWC, inatsegula kaundula wake wotchedwa Enquirus mu 2023. Wotchi yobedwa ikadzafika ku sevisi akhoza kuigwira, ndipo inu mudzatsala manja ali m'khosi, ndalama zapita, mwinanso apolisi akukufunsani mafunso.

Mawotchi akale ndi nkhani ina

Pa wotchi ya zaka 50 kapena 60, funso loti ndi yeniyeni kapena feki silikwanira. Zidutswa zonse zikhoza kukhala zochokera kufakitale yeniyeni, koma zisanakhalepo m'wotchi imodzi. Thupi la 1968, nkhope ya 1975, mivi imene anaika ku sevisi mu 1990, lamba wa mtundu wina: amalonda amaitcha Frankenwatch. Imayenda bwino, koma mtengo wake ndi kachigawo chabe ka ija imene sinasinthidwe kanthu. Ndalama za mawotchi akale zili pa nkhope. Daytona ya katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulidwa pa $17.8 miliyoni ku New York mu 2017, ndipo Daytona iliyonse yakale yokhala ndi nkhope ya mtundu umenewo imadula kangapo kuposa inzake yofanana nayo m'zonse. Kodi mukuganiza kuti ndi nkhope zingati zoterozo zimene zajambulidwa m'zipinda zobisika?

Njira imodzi yosangalatsa yoyesera nkhope yakale ndi kuzimitsa nyali. Kuyambira m'ma 1960 mpaka cha mu 1998, mankhwala owala usiku ankapangidwa ndi tritium, ndipo pansi pa nkhope pamalembedwa chilembo T pafupi ndi mawu oti Swiss. Mphamvu ya tritium imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse. Ndiye wotchi ya 1972 yolembedwa T siyenera kuwala usiku wonse. Ikamawala ngati yatsopano, wina anapakanso mankhwala a masiku ano, kapena nkhopeyo si yake. Akatswiri amaunikanso ndi tochi ya UV kuti aone ngati mivi ndi timadontho ta maola zikuyankha mofanana, popeza zinthu zimene zakalamba limodzi zimafanana mtundu. Makampani ena amathandiza: Patek Philippe, imene inayamba mu 1839, imapereka pa malipiro kalata yochokera m'mabuku ake akale yonena chaka chimene wotchi ya nambala imeneyo inapangidwa ndi tsiku limene inagulitsidwa. Koma kalatayo imanena za nambala, osati za chinthu chimene chili m'manja mwanu.

Za golide ndi dayamondi tinene mwachidule. Rolex ya masiku ano yagolide ndi ya 18 karati yokhayokha, si yokutira, ndipo imadindidwa nambala 750 pamodzi ndi chidindo cha boma la Switzerland, chimene kuyambira 1995 ndi mutu wa galu wa mtundu wa St Bernard. Golide amalemera pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye kale sikelo inkagwira wakuba. Tsopano ena amaika tungsten mkati, chitsulo cholemera kuposa golide wa 18 karati, n'kukutira ndi golide wochindikala. Makina oyezera golide a m'masitolo amangowerenga pamwamba, choncho wokonza ayang'ane mkati mwa chivundikiro ndi m'mabowo a timasikuluwu ta lamba. Dayamondi woikidwa ndi anthu ena pambuyo pake, uja amakonda oimba, amatsitsa mtengo wa wotchi m'malo moukweza, ndipo kampani ikhoza kukana kuikonza mpaka zidutswa zachilendozo zitachotsedwa pa ndalama zanu.

Amene akukugulitsani ndi ndani?

Kunena zoona, ine ndikanati nthawi yambiri muithere pofufuza munthu kusiyana ndi wotchi. Sitolo imene yakhala pamalo amodzi zaka zambiri, imene imalemba nambala ya siriyo pa lisiti ndi kulonjeza polemba kuti idzabweza ndalama wotchi ikapezeka yabodza, ili ndi chinthu choti itaye. Munthu wa pa Facebook amene akaunti yake inatsegulidwa mwezi watha alibe. Makampani nawo anaona kuti msika wa mawotchi ogwiritsidwapo ntchito sangauthawe: mu Disembala 2022 Rolex inayamba kugulitsa mawotchi otere otsimikizidwa ndi iyo yomwe, okhala ndi walanti ya zaka 2, kudzera m'masitolo a Bucherer, kampani imene mu 2023 Rolex inalengeza kuti ikuigula. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa kwa munthu wamba, ndipo kusiyanako ndiye mtengo wa kugona tulo. Kwa a kuno kwathu, masitolo ovomerezeka ofikirika mosavuta ali ku South Africa, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo mndandanda wake uli pa tsamba la kampani pa intaneti. Amene ali ku Britain ali nawo m'mizinda yambiri.

Nkhani zimene zimaperekeza feki zimafanana kulikonse. "Anandipatsa abwana anga achizungu pobwerera kwawo." "Inali ya malemu amalume, ine za mawotchi sindizidziwa." "Ndatenga kwa munthu wa ku kasitomu, ndiye musachedwe." Cholinga cha nkhani zonsezi n'chimodzi, kufotokoza chifukwa chake chinthu cha madola 12,000 chikupita pa 3,000, ndi kukupangitsani kumva ngati ochenjera ndinu. Munthu amene ali ndi foni m'manja amadziwa mtengo wa Rolex m'mphindi imodzi, ndipo amalonda enieni angamupatse ndalama zambiri tsiku lomwelo. Akubwera kwa inu chifukwa chiyani? Obwereketsa ndalama nawo achenjere: wotchi yosiyidwa ngati pinyolo pa ngongole ya mamiliyoni angapo a kwacha ndi njira yakale yogulitsira feki. Mwini wake sabweranso, ndipo safunikira kubwera.

Mukamagula patali, zithunzi zokongola si umboni, chifukwa zimabedwa pa masamba a ena. Pemphani chithunzi chatsopano mivi ili pa nthawi imene mwatchula inu, tinene 7:22, pambali pali kapepala kolembedwa deti ya tsikulo. Imbani foni ya vidiyo kuti aitembenuze, aikunge, adine mabatani inu mukuona. Ngakhale zitatero, imene mwaonetsedwa si nthawi zonse imene imatumizidwa, ndiye kalipiridwe n'kofunika. Misika ya pa intaneti ngati Chrono24 imasunga ndalama pakati mpaka wogula atalandira katundu, ndipo eBay m'mayiko ena imadutsitsa mawotchi odula kwa akatswiri asanafike kwa wogula. Wogulitsa akati tichoke pamenepa tikambirane pa WhatsApp kuti tipewe kamisheni, chitetezo chonsecho mwachisiya. Ndalama yotumizidwa kubanki mwachindunji, pa foni kapena pa crypto kuibweza n'kovuta kwambiri. Mukakumana maso ndi maso, kumanirani kwa wokonza mawotchi amene mwasankha inu, ndipo akatha kuiyesa wotchiyo isabwererenso m'thumba kapena m'bokosi la wogulitsa. Kusinthanitsa kumachitika m'kanthawi kameneko, pamene inu maso ali pa kuwerenga ndalama.

Ena amagula feki akudziwa, n'kumati palibe amene ndamubera. Malamulo a mayiko ena sagwirizana nawo. Ku Switzerland, kuyambira Julayi 2008, a kasitomu amalanda ndi kuphwanya katundu wa feki ngakhale ali wovala mwini yekha, ndipo ku France kupezeka naye ndi mlandu wa chindapusa chachikulu. Vuto lina limadza pambuyo pake: feki yogulidwa modziwa imadzaperekedwa ngati mphatso, kapena mwini wake amamwalira, ndipo amene waitenga amaigulitsa ndi mtima woyera akulumbira kuti ndi yeniyeni. Choncho ngakhale wogulitsa ali m'bale wanu amene sananamepo, funsani kumene iye anaitenga, lembani nambala ya siriyo ndi lonjezo lobweza ndalama pa pepala limene nonse musainire, ndipo chivundikiro cha kumbuyo chitsegulidwe ndalama zisanachoke m'manja mwanu.